Lenzi Imene Inafufuta Apongozi

Za ubwana wanga sindilembapo kanthu, ana anga. Azakhali anu anakuuzani kale, ndipo iwo amathirako mchere wambiri kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya za thukuta langa. Chandikhazika pansi ndi foni yako ija, iwe Yamikani, pamene umandifunsa ngati ugule kamera yatsopano kapena uwonjezere lenzi yabwino pa imene uli nayo. Unadabwa kuti wojambula wa zaka zonsezi wangoti zii pafoni. Yankho lachidule ndilibe, ndiye werengani nonse.

Zaka za m'ma 1980: Domasi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mu ofesi ina yaing'ono kuno ku Domasi, imene inkakonza zithunzi ndi timabuku tophunzitsira alimi. Anandilemba ngati wotsuka zithunzi m'chipinda chamdima, koma wojambula wawo atasiya ntchito, kamera inangogwera m'manja mwanga. Bwana wathu tinkawatcha a Loko akakhala kuti sali pafupi, chifukwa chilichonse chokhala ndi chitseko iwo ankachikhoma. Filimu inkakhala m'kabati, kiyi wa kabatiyo m'thumba la jekete, jeketeyo osavula ngakhale m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo. Ukapita kukapempha filimu yokajambulira minda ya mpunga kumunsi kwa chigwa, ankakuyang'ana ngati wabwera kudzafunsira mwana wawo.

"Mpunga si unaujambula chaka chatha?" ankatero. "Wasintha nkhope?"

Sindikuwanyoza, zinthu zinkasowadi. Mankhwala otsukira ankabwera mwa apo ndi apo, mapepala tinkachita kuwadula pakati, ndipo miyezi ina ndinkangokhala pakhonde kuwerenga nyuzipepala ya dzana. Kusowako kunandiphunzitsa kusadina batani mwachisawawa. Chithunzi chimodzi chinkayenera kunyamula zonse: mlimi, khasu lake, mizere, ngalande, ndi phiri kumbuyo. Ukasiya chimodzi, a Loko ankakufunsa ngati filimu amakolola kudimba kwanu.

Zaka za m'ma 1990: kuchigwa cha Shire ndi kubwerera

Atandisamutsira ku Chikwawa, mayi anu analira njira yonse. Kumeneko bwana anali mayi wina wamtali, wosakonda zoyankhulayankhula. Tsiku loyamba lomwelo anandiponyera kiyi wa kabati n'kunena kuti, "Filimu ikatha mundiuze." Ndinaima ndi kiyiyo m'manja ngati ndapatsidwa njoka. Mdani wanga kumeneko anali kutentha. Filimu inkawonongeka isanalowe n'komwe m'kamera, mpaka ndinayamba kuikulunga m'pulasitiki n'kuisunga mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa kuseri kwa ofesi.

Ndi kumeneko kumene ndinagula kamera yangayanga, yakale, kwa mphunzitsi wina amene ankabwerera kwawo. Kamera yotere ili ndi mbali ziwiri. Pali bokosi lenilenilo, limene ife ojambula timati bodi, ndiye pali lenzi, galasi la kutsogolo limene umatha kuchotsa n'kuikapo lina. Lenzi imene inabwera ndi kamerayo inali yotchipa, yosaonetsa bwino tinthu ting'onoting'ono, koma inalibe tsankho. Woima kutsogolo ndi woima kumbuyo onse ankatuluka.

Titabwerera ku Domasi ndinayamba kujambula maukwati ndi maubatizo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo dzina langa lenileni linaiwalika. Chigwa chonse chinkangoti a Kamera. Apa ndinaphunzira kuti munthu wa kuno safuna nkhope yake yokha. Amafuna nsapato zioneke, wailesi ioneke, njinga itsamire pakhoma, malata a nyumba awale kumbuyo. Mayi wina wa ku Songani anandibwezera chithunzi chifukwa mbuzi yake inatuluka yopanda miyendo yakumbuyo. Lenzi yanga yotchipa ija inkagwirizana ndi anthu otere, ndipo inakulipirirani sukulu nonsenu.

Pakati pa zaka za m'ma 2000: bodi kapena lenzi

Makamera a dijito, osafuna filimu, atafika, zinthu zinatembenuka. Ojambula atsopano ku Songani ankati akamujambula munthu, n'kumuonetsa pomwepo pa kagalasi ka kumbuyo. Anthu ankaunjikana ngati pa chiwaya cha tchipisi. Ine ndikadina batani, wina ankathamanga kudzasuzumira kumbuyo kwa kamera yanga n'kupeza chikopa chakuda basi. "Tione nawo, a Kamera." Ine n'kumati, "Mudzaona Lachisanu, ndikatsuka." Ankachoka akuseka.

Chaka chimenecho mpunga wa mayi anu unachita bwino, ndipo zimene tinasonkhanitsa zinkakwana chinthu chimodzi chokha. Ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre. Mwini sitolo anandiikira zinthu ziwiri patebulo. Choyamba chinali bodi ya dijito yotsika mtengo ndi kalenzi kake kakang'ono. Chachiwiri chinali lenzi yogwiritsidwapo kale ntchito koma yapamwamba, yolemera ngati botolo la mafuta ophikira, yolowa bwinobwino pa kamera yanga ya filimu. Lenziyo anaimanga yekha pa kamera yanga n'kundiuza kuti ndiloze mlonda amene anaima pakhomo. Nditaika diso, ndinangoti kukamwa yasa. Ndevu za mlonda uja ndinkatha kuziwerenga imodziimodzi, ndipo kumbuyo kwake msewu wonse unali utasungunuka. Magalimoto, anthu, zikwangwani, zonse zinangosanduka mitundu yofewa. Munthu uja ankaoneka ngati dziko lonse ndi lake.

"Bodi ya dijito ikangotha zaka zingapo yakalamba, kwabwera ina," anatero mwini sitolo. "Koma galasi labwino mudzasiyira adzukulu, bambo."

Ndinabwerera osagula kanthu kuti ndidzafunse mayi anu. Ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde, ndipo sanaimitse n'komwe lichero.

"Anthu akufuna kudziona pomwepo," anatero. "Gulani chimene anthu akufuna."

"Anthu sadziwa chimene akufuna mpaka atachiona," ndinayankha.

"Ndiye mwandifunsiranji?"

Ndinagwira njakata masiku angapo. Mutu unkati dijito, chifukwa makasitomala ankandithawa ndikuona. Koma mtima unali utatsala pankhope ya mlonda uja. Moyo wanga wonse ndinakhala ndikupanikiza mbuzi, njinga ndi makasu m'chithunzi chimodzi, ndipo ndinkafuna, kamodzi kokha ndisanapume ntchito, kujambula munthu yekha. Ndinabwereranso ku Blantyre n'kukagula lenzi ija. M'minibasi ndinaifungatira pamiyendo ngati khanda.

Dzinja la chaka chomwecho: ukwati wa Esinati

Ntchito yoyamba ya lenzi yatsopano inali ukwati m'mudzi wina kumtunda kwa Domasi Mission, cha kuphiri. Mkwatibwi anali Esinati, mwana yekhayo amene anatsala wa a Nambewe, mayi wamasiye amene anaika m'manda mwamuna ndi ana ake ena onse. Mkwati anali Dausi wa kufupi ndi Songani, ndipo monga mwa mwambo wa kuno, ndiye ankadzakhala kwa mkaziyo. Amene anandilemba ntchito anali amalume ake a Dausi, a Jailosi, munthu wa mawu akulu ndi suti yofiirira.

Inu a masiku ano mumadya ndi apongozi anu patebulo limodzi, koma a Nambewe anali a kale. Mkamwini akamabwera m'njira, iwo ankapatukira m'chinangwa. Sankamutchula dzina, ndipo kuima naye pafupi kunali ngati kudzivula pagulu. Choncho titachoka kutchalitchi, pamene abale onse ankakankhana kuti aime pambali pa akwati, a Nambewe anakaima okha kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango, atavala duku loyera, manja atapinda. Tikasuntha, nawonso ankasuntha, koma mtunda wake womwewo. Ankafuna kukhala m'chithunzi cha mwana wawo popanda kuphwanya ulemu. Amayi otere ndinali nditawajambula ambirimbiri, ndipo lenzi yakale inkawanyamula popanda ine kuganizirako. Tsiku limenelo ndinawaona. Ndinaonanso za kumbuyo zikusungunuka, mtima n'kumangoti, eya, ichi ndi chimene ndinagulira. Ndinkafuna pamapeto ndiwajambule awiri ndi mwana wawo, koma mvula inatsika m'phiri mwadzidzidzi, anthu n'kubalalika ndi mipando pamutu.

Zithunzi nditakatsukitsa ku Zomba, wotsukayo anaitana anzake kuti adzaone. Esinati ankaoneka ngati wa m'magazini. Ndinakazipereka kwa a Jailosi ndikuyenda ngati tambala, ndipo madzulo ake ndinauza mayi anu kuti ojambula a ku Songani akagwere.

Patapita masiku, Esinati anafika ku ofesi m'mawa, zithunzi zija zili m'manja, maso atatupa. Sanalonjere.

"A Kamera, amayi anga mwawatani?"

Anaziyala patebulo langa. Pa chilichonse, kuseri kwa anthu omwetulira, panali chinthu chonga utsi, mutu woyera, chopanda maso, chopanda pakamwa. Apa chili kumanzere, apa kumanja, apa chikusuzumira pakati pa mapewa a akwati. Ndinayamba kufotokoza kuti ndi mmene lenzi imeneyi imagwirira ntchito, koma anandidula. Anati ukwati utangotha, mwana wa mlongo wake wa Dausi anayamba kudwala mpaka kukomoka. A Jailosi anatenga zithunzizo n'kuyenda nazo khomo ndi khomo, akunena kuti kamera yawakana a Nambewe chifukwa si munthu ngati ife, ndipo tsopano zadziwika kumene kunapita mwamuna wawo ndi ana aja. A Jailosi anali atamutenga Dausi n'kubwerera naye kwawo. Kumjigo amayi ankachotsa ndowa zawo a Nambewe akafika. Ana ankagenda denga la nyumba yawo. Loweruka likubweralo abale a mbali zonse ziwiri ankakumana, ndipo nkhani inali yoti ukwati uthe ndi kuti mayiyo achoke pamudzi.

Poyamba ndinafuna kuseka, chifukwa zinkamveka ngati nthabwala ya kumowa. Nditayang'ana nkhope ya Esinati, kuseka kunatheratu. Mutu unaima. Ndinakhala pampando manja ali lende, ndikuyang'ana ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo inali itasanduka umboni wothamangitsira mayi wosalakwa. Ndikanagula dijito ija, anthu akanaunjikana pa kagalasi tsiku lomwelo, wina akanati, amayi sakuoneka, jambulaninso, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayi anu nditawauza sanandikumbutse zimenezo. Anangogwira pakamwa, kenako n'kukandisitira malaya a Loweruka.

Loweruka lake

Ndinapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango womwewo, abambo pamipando, amayi pamphasa. A Nambewe anali m'nyumba, chitseko chotseka. Zithunzi zinkayenda dzanja ndi dzanja, ena akuzigwira ndi nsonga za zala. Atandipatsa mpata, ndinaimirira n'kufotokoza kuti lenzi yanga yatsopano imaona bwino malo amodzi okha, ndipo chilichonse chotalikira kumbuyo chimasungunuka. Ndinawaonetsa kuti mtengo nawo sukuoneka bwino, nkhokwe nayonso chimodzimodzi.

"Mtengo si munthu," anatero a Jailosi. "Ife tonse bwanji tikuoneka?"

"Inu munaima pafupi."

"A Kamera, tisanamizane pano. Mwajambula maukwati angati m'chigwa muno? Apongozi angati anaima kutali? Pa ukwati wa mchemwali wanga munajambula ndinu nomwe. Amayi anga anaima uko kukhola, koma akuoneka mpaka mphini zapamphumi. Kamera yake ndi yomweyi, wojambula wake ndi yemweyu. Lero chasintha n'chiyani, ngati si munthuyo?"

Anthu anavomera, eee, zoona. Zithunzi zanga za zaka zonse, zopachikidwa m'nyumba za anthu amenewa, zinkachitira umboni a Jailosi. Ndinaona kuti pakamwa pokha sindiphula kanthu.

Ndiye ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo chiyambire ntchito. Kamera yanga sinkagwiridwa ndi munthu, ngakhale inu mukudziwa mmene ndinkakalipira. Ndinapempha Dausi kuti aime pamene anaima tsiku la ukwati, a Jailosi akaime pansi pa mtengo, pamene panaima a Nambewe. Anapita akuseka monyoza, manja m'thumba. Ndinavula lamba wa kamera m'khosi n'kuveka mkulu wa mpingo wina wokalamba, ndi kumuonetsa poika diso. Anasuzumira, anachotsa diso, anayang'ana kumtengo, n'kusuzumiranso.

"Iii! A Jailosi asanduka utsi!"

Anthu anadzuka onse. Kamera inayenda m'manja okhakhala ndi khasu, m'manja a mafuta, m'manja onjenjemera, ine mtima uli m'mwamba. Aliyense akaika diso ankafuula. Mayi wina anati suti yokha ndiye ikuoneka ngati chulu. Pomaliza a Jailosi anabwera kudzaona okha, titaimika akazi awo pansi pa mtengo. Anayang'ana nthawi yaitali. Atachotsa diso anangoti, "Makina a masiku ano awa," n'kukhala pansi. Sanapepese. Ambiri ankaseka ndi manyazi, koma kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti a Kamera ayikonzeratu kunyumba kamerayi. Mkulu wa mpingo uja ananena kuti mlandu palibe, Dausi abwerere kwa mkazi wake, ndipo anakumbutsa kuti mwana wodwala uja achipatala anapeza malungo ndipo akuchira.

Anthu akuyamba kutola mipando, chitseko chinatseguka. A Nambewe anatuluka atavala duku loyera lomwe lija. M'masiku ochepawo anali ataonda moti chitenje anachita kuchizunguliza kawiri. Anayang'ana kwa ine.

"A Kamera, filimu muli nayo?"

"Ilipo, mayi."

"Mundijambule."

Ndinatsegula chikwama msanga kuti ndichotse lenzi yatsopano ndi kuikapo yakale, kuti aime pamene akufuna ndipo atuluke bwino. Anandiletsa ndi dzanja.

"Ayi. Yomweyo inandikanayo."

"Mayi, imeneyi imafuna muime pafupi, mzere umodzi ndi anawa."

"Ndamva. Ndinali kuseri kwa chitseko, sindinali kumanda."

Anayenda kudutsa bwalo lonse, pang'onopang'ono, n'kukaima pambali pa mkamwini wawo, phewa kukhudza phewa. Amayi a pamphasa anagwira pakamwa. Gogo wina anaphimba nkhope ndi chitenje. Panalibe mphatso imene inaperekedwa, panalibe ankhoswe amene anakonza zoti awiriwa ayambe kuyandikana, monga zimayenera kukhalira. Dausi anazolika. Esinati anayamba kulira.

"Amayi, musadzivute chonchi. Anthu aona kale."

"Aona utsi wa a Jailosi, ine sanandione," anatero a Nambewe. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikupatuka m'njira kuti anthu azinena kuti ndinaleredwa. Lero ndiima pano kuti anene kuti ndine munthu. Jambulani msanga, a Kamera, ndingagwe."

Ndinadina batani. Pa zaka zonse za ntchito yanga, kuyambira kwa a Loko mpaka tsiku lopuma, palibe chithunzi chimene chinatuluka bwino kuposa chimenecho. Imvi zotuluka m'duku zikuoneka, makwinya onse, ngakhale ulusi umene anasokera pakhosi pa bulauzi. Maso akuyang'ana m'kamera mosaphethira, ndipo manyazi onse a tsikulo ali pankhope. Lenzi ija inagwira ntchito imene ndinaigulira, ndipo ine sindinakondwe nayo ngakhale pang'ono.

Ndinakachipereka ndekha sabata yotsatira. Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, Dausi akukonza denga limene ana anagenda. Anapukuta manja, anachilandira ndi manja awiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anene kuti chakongola, kapena andikalipire, chilichonse. Iwo anangokweza maso n'kufunsa mofatsa.

"Ndiye akadzayambanso, ndiziwaonetsa chimenechi?"

Anachikulunga m'kapepala ka pulasitiki ka shuga n'kuchilowetsa m'bulauzi, pachifuwa. Sichinapachikidwe pakhoma ngati zithunzi za anthu ena. A Nambewe anakhala pamudzi pawo mpaka kukalamba kwenikweni, analera adzukulu, ndipo palibe amene anawagendanso. Koma Esinati anandiuza pamaliro awo kuti kumjigo, kumunda, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi, sankachoka pakhomo chithunzicho osachitenga. Amayi osambitsa thupi lawo anachipeza pachifuwa pomwepo.